Tisanaumbe njerwa, tidziwe sitandade yomwe idzalowemo

Pitani pa sukulu ya pulayimale ya kumudzi kuno ku Kasungu cha m'ma 8 koloko m'mawa, teremu yoyamba itangotsegulidwa mu Seputembala, ndipo musathamangire ku ofesi ya ahedi. Yambani mwazungulira kaye. Chipinda cha Sitandade 8 mukachipeza chili ndi madesiki, ana akhala awiriawiri kapena atatuatatu, kumbuyo kwatsala malo. Mukatuluka n'kulondola phokoso, mukapeza Sitandade 1 pansi pa mtengo wa mango kapena m'chisakasa chonga chigafa cha fodya, tiana tili mbwee pa dothi, bolodi atalitsamiritsa ku thunthu, mphunzitsi mawu atasasa kale. Sukulu ndi imodzi, komiti ndi imodzi, koma mungayese mwafika malo awiri osiyana.

Ambirife tikaona zimenezi timangoti midadada yachepa, boma liwonjezere. Yachepadi. Koma pali funso lomwe liyenera kuyankhidwa simenti isanagulidwe, ndipo pa misonkhano ya chitukuko silimveka kawirikawiri: mdadada tikumangawu mudzalowa ana a kalasi iti, ochokera midzi iti, ndipo pakatha zaka 20 adzakhala angati? Mdadada womangidwa bwino umatha zaka 30 kapena 40 uli chiimire. Pofika nthawi imeneyo phungu yemwe adaupempha adaiwalika, ahedi asintha kasanu, ngakhale kagawidwe ka makalasi kangakhale katasintha. Mdadadawo uli pompo pomwe tidakumba maziko.

Nkhaniyi yafika pofunika kuikamba tsopano chifukwa dongosolo lomwe tonse tidakuliramo, la 8-4-4, akuluakulu a maphunziro akufuna kulisintha.

Sukulu zothera panjira

8-4-4 ndiye kuti zaka 8 ku pulayimale, 4 ku sekondale, 4 ku yunivesite. Mwana amayenera kuyamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, kulemba mayeso a PSLCE mu Sitandade 8, a JCE mu Fomu 2 ndi a MSCE mu Fomu 4, onsewa a MANEB. Koma si sukulu zonse za pulayimale zomwe zimafika Sitandade 8. Chikwangwani chikalembedwa F.P. School ndiye kuti makalasi onse alipo. Chikalembedwa J.P. School, imeneyo ndi sukulu yothera panjira, kawirikawiri pa Sitandade 4 kapena 5, ndipo ana akamaliza amakapitiriza ku F.P. yoyandikana nayo.

Omwe adagawa chonchi adaganiza bwino. Mwana wa zaka 6 sangayende makilomita 5, sangawoloke dambo lodzaza madzi mu Febuluwale, ndipo makolo akaona mtunda amangoti adikire, ayambe chaka cha mawa miyendo ikakhwimako. Chaka cha mawa chimasanduka zaka zitatu. N'chifukwa chake mu Sitandade 1 mumapezeka ana a zaka 9, omwe pofika Sitandade 6 mtsikana ayamba kufunsiridwa, mnyamata mtima uli pa ganyu ya ku esiteti. J.P. imabweretsa makalasi a ana aang'ono pafupi ndi khomo, mtunda n'kuusiyira akuluakulu. F.P. imodzi ingathe kulandira ana ochokera ku ma J.P. awiri kapena atatu.

Ku sekondale nakonso kuli mitundumitundu. Kuno tili ndi za boma monga Chayamba, za mipingo monga Loyola ya ansembe a chiJesuit yomwe idatsegulidwa mu 2015, ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama, ya mu 1981, yomwe ili ndi dongosolo lakelake lofika Fomu 6. Koma ana ambiri a alimi amapita ku ma CDSS. Amenewa poyamba adali malo ophunzirirapo maphunziro a m'makalata a MCDE, ndipo mu 1998 boma lidawasandutsa sukulu za sekondale zoyendera. Dzina lidasintha tsiku limodzi, nyumba zidatsala momwemo. Ambiri adayambira m'zipinda zobwereka, opanda labotale, opanda laibulale, ndipo ena mpaka lero akuthamangirabe zomwe zidayenera kukhalapo pa tsiku loyamba.

Chimodzimodzi mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale. Ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino, palibe angatsutse, koma walira mvula walira matope. Mitengo ya mango yomwe idasanduka makalasi chaka chimenecho, ina ikugwirabe ntchito yomweyo.

Sukulu ili ngati chulu

Muyeso womwe unduna wa maphunziro umalakalaka ndi ana 60 m'chipinda chimodzi. Mdadada womwe tidauzolowera uli ndi zipinda ziwiri. Choncho anthu akamanga midadada inayi, zipinda 8, amapumira m'mwamba, amati basi tamaliza, sitandade iliyonse ili ndi pake. Apa ndi pomwe masamu amatipusitsa, chifukwa ana sagawikana mofanana m'makalasi. Sukulu ili ngati chulu, chotambalala pansi, chosongoka pamwamba. Olowa ndi ambiri, obwereza makalasi oyambirira ndi ambirinso, ndipo chaka ndi chaka ena amatsala m'njira.

Tiyerekeze sukulu ya ana 960. Sitandade 1 muli 240, Sitandade 2 muli 180, Sitandade 3 muli 150, kumangotsika choncho mpaka Sitandade 7 muli 60, Sitandade 8 muli 50. Pa muyeso wa 60 uja, sukuluyi ikufuna zipinda 16, ndiye kuti midadada 8, osati inayi. Sitandade 1 yokha ikufuna zipinda zinayi. Makalasi atatu oyambirira akufuna zipinda pafupifupi 10, kuposa zonse zomwe zilipo pa sukulupo. Manambalawa ndangopereka chitsanzo, koma mphunzitsi aliyense wa kumudzi awazindikira.

Nanga bwanji omwe amasowa denga amakhala aang'ono omwewo? Ndidakhalapo pa msonkhano wa komiti pa sukulu ina cha kumadzulo kwa boma lino, mdadada watsopano utangofoleredwa, utoto ukununkhabe. Funso lidali lakuti mulowe ndani.

"Ahedi, muno mulowe Sitandade 7 ndi 8," adatero a gulupu. "Amenewa ndiwo a mayeso. Akasankhidwa ambiri, mudzi uno umveka."

Ahedi adayamba awomba m'manja pang'ono. "Ndamva, afumu. Kungoti a Sitandade 8 ali kale m'chipinda. Omwe timawabweza kunyumba mvula ikachita mdima ndi a Sitandade 1 ndi 2."

Mayi wina wa m'gulu la amayi oyang'anira ana pa sukulupo adagwada chapatali n'kunena kuti, "Zikomo afumu, kuyambira Disembala mpaka Malichi tianati timaphunzira masiku owerengeka. Nanga ku Sitandade 8 mukukukondako tikafika bwanji?"

Anthu adaseka, ena adang'ung'udza movomereza. Koma pomaliza mdadadawo udapita kwa akuluakulu, zipinda zawo zakale zidapita ku Sitandade 3 ndi 4, ndipo Sitandade 1 idatsala pa mango pomwepo. Chifukwa chomwe chidapambana chidali chovuta kuchitsutsa: ngakhale muwapatse chipinda, sakwanamo.

A gulupu aja sindiwaimba mlandu. Sukulu timaiyamikira ndi chiwerengero cha osankhidwa kupita ku sekondale, ndiye aliyense amateteza kalasi ya mayeso. Mtima womwewu ndi umene umachititsa kuti J.P. iliyonse izifuna kukhala F.P. Palibe mfumu imafuna kuti ana ake azikalembera mayeso m'mudzi mwa mnzake. Ndiye chaka chino awonjezera Sitandade 5, chaka cha mawa 6, popanda chipinda chatsopano ngakhale chimodzi, ndipo kalasi yatsopano iliyonse imalanda malo a aang'ono. Mapeto ake mumapeza ma F.P. awiri oyandikana, iliyonse ili ndi Sitandade 8 ya ana ochepa ndi aphunzitsi ake, pomwe pansi pa mitengo pali khamu. Nthawi zina kukweza J.P. n'koyenera ndithu, makamaka pomwe mtsinje monga Bua kapena Dwangwa umadula njira dzinja lonse. Koma chigamulo chimenecho chimafuna munthu woona zoni yonse pamodzi, osati mudzi umodzi.

Amakonza mapulani ndani?

Njira yake ilipo, ndipo si yoipa. Kuchokera mu 1998, pomwe kudabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono, sukulu za pulayimale zidapita m'manja mwa makhonsolo. Sukulu iliyonse, kudzera mu komiti yake ndi PTA, imalemba pulani ya zomwe ikufuna kukonza. Zofuna za midzi zimakwera kuchoka ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kupita ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) mpaka ku khonsolo, komwe zimalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse. Chaka chilichonse ahedi amadzaza mafomu a kalembera wa sukulu, owerenga ana, aphunzitsi, zipinda, madesiki ndi zimbudzi, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za m'zoni, amawatolera ku TDC, komwe ndi likulu la zoniyo. Sekondale zimayang'aniridwa ndi ofesi ya chigawo, ndipo ya Central East, yomwe imaona Kasungu, Dowa, Ntchisi, Nkhotakota ndi Salima, ili pa Kasungu pompano. Pamwamba pa zonsezi pali pulani ya dziko ya maphunziro ya 2020 mpaka 2030, ndi masomphenya a Malawi 2063.

Vuto ndi lakuti ndalama sizidzera khomo lomwe pulani idadzera. Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) limayendera nyengo ya ndale, yomwe ndi zaka zisanu, ndipo mdadada wooneka kuchokera pa msewu umakoma kuposa chimbudzi cha kuseri. Ndalama zomwe sukulu imalandira mwachindunji zimakwana choko, zitseko ndi kukonza zing'onozing'ono, osati kumanga. Mabungwe ndi mipingo amabwera ndi nthawi yawo ndi malo omwe asankha. Kale kudali thumba la chitukuko la MASAF, kenaka la LDF, ndipo posachedwapa ntchito monga SEED ya dziko la America yomanga sekondale. Zonsezi zasiya nyumba zenizeni zomwe ana akuphunziramo. Koma pa sukulu imodzi mutha kupeza midadada inayi ya eni anayi, uliwonse wayang'ana kwake, wina adaumanga pakatikati pa bwalo pomwe padayenera kudzakhala ina iwiri.

Anthu nawo sakudikira. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 840,000 m'boma la Kasungu, pomwe mu 2008 adali ongopitirira 600,000. Dziko lonse lidali ndi anthu 17.5 miliyoni, akuchuluka ndi 2.9 peresenti pa chaka. Pa liwiro limenelo chiwerengero chimawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 24, mdadada womwe tamanga lero usanakalambe. Ndipo sachuluka mofanana paliponse. Malo a malonda monga Chinkhoma, Chatoloma, Nkhamenya ndi Santhe akukoka mabanja, m'tauni ya Kasungu malo omangapo akuchepa moti posachedwa tiyenera kuzolowera midadada yosanjikiza kapena kuphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana. Kumadera a maesiteti kuli vuto lakelake: ana a matenanti amabwera ndi nyengo ya fodya, fodya akagulitsidwa ena amapita. Sukulu yotere mukaiwerenga mwezi wolakwika, mumanga mochepa kapena mopitirira.

Sitandade 7 ndi 8 zikasamuka

Mu 2025 unduna wa maphunziro ndi a Malawi Institute of Education a ku Domasi adalengeza za dongosolo latsopano la 1-6-6-3: chaka chimodzi cha kalasi yokonzekera, zaka 6 ku pulayimale, 6 ku sekondale, zitatu ku maphunziro apamwamba. Anthu ambiri akukambirana za silabasi ndi mayeso. Ine ndikuona nyumba.

Tibwerere ku sukulu yathu ya ana 960. Sitandade 7 ndi 8 zikachoka, pachoka ana 110 ndipo pamasuka zipinda ziwiri. Wina anganene kuti pulayimale yapuma. Koma kalasi yokonzekera ikulowa kunsi kwa chulu, komwe ndi kotambalala. Ngati ikhala yaikulu ngati Sitandade 1, ikufuna zipinda zinayi, ndiponso za mtundu wina: ana a zaka 5 safuna madesiki aatali a Sitandade 8, amafuna mikeka, malo osewerera, zimbudzi za bowo laling'ono, madzi pafupi. Sukulu yataya ana 110 n'kulandira oposa 200.

Ku sekondale ndiye kuli phiri. CDSS ya zipinda zinayi, fomu iliyonse chimodzi, ikufunika zisanu ndi chimodzi tisanawonjezere mwana ngakhale mmodzi pa omwe amasankhidwa. Pakali pano, zaka zambiri, osankhidwa kupita ku Fomu 1 safika theka la omwe akhoza PSLCE. Lero mwana wa Sitandade 7 ali ndi malo ake popanda kusankhidwa ndi wina aliyense. Ngati chipata chopapatizachi chingasunthidwe kubwera pa Sitandade 6 malo a ku sekondale asanachuluke, ndiye kuti ana omwe akadakhala pa sukulu zaka zina ziwiri adzabwerera kumudzi ali ndi zaka 12. Ndipo wosankhidwayo, wa zaka 12 yemweyo, ndi amene tidzamuyendetse mtunda wa ku CDSS, kapena kumuchitira lendi kachipinda pa malo a malonda kuti azidziphikira yekha, zija timati self-boarding. Makolo a ana aakazi akudziwa zomwe zimachitika m'tizipinda timeneto.

Anzathu adadutsamo kale. Ku Zambia, kungodumpha malire a ku Lundazi, kudali sukulu zotchedwa basic, zomwe zidasunga Giredi 8 ndi 9 pa pulayimale kuti ana ambiri apitirire pafupi ndi kwawo. Ana adapitiriradi, koma zambiri mwa sukuluzo zidalibe labotale kapena aphunzitsi a sekondale, ndipo boma lomwe lidalowa mu 2011 lidabwezeretsa kagawidwe ka pulayimale ndi sekondale. Ku Kenya, komwe nakonso adasiya 8-4-4, boma lidamanga zipinda masauzande m'sukulu za sekondale kukonzekera Giredi 7. Kumapeto kwa 2022 boma latsopano lidagamula kuti anawo akhale m'sukulu za pulayimale, ndipo mu Januwale 2023 adayambira kumeneko. Zipinda zidali uku, ana ali uko.

Kwathu kuno tidaona JCE ikuchotsedwa, kenaka mu 2021 n'kubwereranso. Imeneyo idali nkhani ya mapepala, sidagwetse khoma lililonse. Kusamutsa makalasi awiri a dziko lonse ndi nkhani ina. Njira zake ndi ziwiri kapena kuziphatikiza: kumanga kwambiri ku sekondale, kapena kusiya mafomu oyambirira m'nyumba za pulayimale zomwe zilipo kale n'kuziwonjezera labotale ndi aphunzitsi. Ine ndikadakonda kuti m'zoni iliyonse asankhe F.P. imodzi kapena ziwiri zapakatikati, zokhala ndi malo okwanira, zikule kukhala ndi mafomu oyambirira, pomwe zina zitsike n'kudzaza zipinda zawo ndi ana aang'ono. Zikatero mafumu ena adzadandaula kuti sukulu yawo yachepetsedwa, ndipo kukambirana kumeneko sikudzakhala kophweka. Koma kukadayamba lero, khonsolo isanavomereze mdadada wina uliwonse, chifukwa yankho lake ndi lomwe linganene kuti mdadadawo ukhale pati, mazenera atalike bwanji, ndipo pambali pake pasiyidwe malo a chiyani.

Zomwe sizioneka pa chithunzi cha tsiku lotsegulira

Mdadada wopaka utoto, riboni, nyimbo za amayi. Chikomekome cha mkuyu. Chipinda chatsopano chimafuna mphunzitsi, ndipo mphunzitsi amafuna pogona. Mtsikana womaliza kumene ku Kasungu TTC mukamutumiza ku sukulu yopanda nyumba, adzachita lendi pa malo a malonda, azidalira kabaza, dzinja azifika mochedwa, ndipo chaka chisanathe adzayamba kupempha transifa. Zimbudzi nazo zimaiwalika, chonsecho mtsikana wotha msinkhu akasowa pobisala ndi madzi amajomba masiku angapo mwezi uliwonse. Ngati mafomu oyambirira angadzakhale pa pulayimale, nkhani ya zimbudziyi idzakula kawiri.

Palinso malo. Sukulu zambiri zidapatsidwa malo ndi mafumu pakamwa chabe, malire ake ndi mtengo wakutiwakuti womwe udadulidwa kalekale. Minda imalowa pang'onopang'ono, mzere umodzi chaka chilichonse, tchalitchi chamangidwa pakona, okala ina apo. Tsiku lomwe ndalama za midadada itatu zapezeka, pomanga palibe. Kuyeza malo, kulembetsa ndi kubzala khonje kapena mitengo m'malire n'kotchipa kuposa thumba lililonse la simenti lomwe lidzabwere pambuyo, ndipo mitengoyo imatchinganso mphepo yomwe imasasula madenga pa chigwa chathuchi chaka ndi chaka.

Ngakhale njerwa zomwe zasintha. Tidazolowera kuti chitukuko chimayamba ndi mudzi kuumba ndi kuotcha uvuni. Kuchokera mu 2018 malamulo a zomangamanga adaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma pofuna kuteteza mitengo, ndiye kontilakita amabwera ndi mabuloko a simenti, mudzi n'kutsala ndi gawo la mchenga, miyala ndi madzi. Mauvuni ena omwe anthu adaotcha asanafunse ali m'mabwalo a sukulu, amera udzu, ana amakwerapo pa buleki.

Pa msonkhano uja ndidafunsa kuti chaka cha mawa tikuyembekeza ana angati mu Sitandade 1. Ahedi adati tidzaona akabwera. Chonsecho ana onse omwe adzalowe Sitandade 1 m'zaka zisanu zikubwerazi adabadwa kale, ndipo ambiri mayina awo ali m'buku la sikelo, mudzi ndi mudzi, chaka ndi chaka. Mlangizi wa zaumoyo wa deralo amadutsa pa sukulupo mwezi uliwonse popita kokayeza ana, bukulo atalimangirira pa kaliyala ya njinga. Tsiku limenelo adadutsanso, adatipatsa moni ali pa njinga pomwepo, ife tili pansi pa mtengo kukangana za mdadada.